Grace Bumbry ndi Ntchito ya Mezzo-soprano m'Nyumba Zikuluzikulu za Opera

Mezzo-soprano ndi mawu a mkazi amene amakhala pakati: sakwera kwambiri ngati soprano, komanso satsika kwambiri ngati contralto. Munthu wozolowera kwaya ya kutchalitchi angawayerekeze ndi mawu a mayi woimba alito amene amatha kukweranso kukafika kumene amafika anzake a sopulano, mawuwo osachepa ndiponso osataya kulemera kwake. Mu opera, lomwe ndi sewero loimbidwa limene linayambira ku Italy cha m'ma 1600, mawu otere amagwira ntchito yolemetsa. Woimbayo sagwiritsa ntchito maikolofoni. Pansi pa nsanja, kutsogolo kwake, pamakhala oimba zida amene nthawi zina amaposa 80, ndipo mawu ake ayenera kudutsa phokoso la zida zonsezo mpaka akamveke kwa munthu amene wakhala kumbuyo kwenikweni. Nyumba ya Metropolitan Opera ku New York ili ndi mipando pafupifupi 3,800. Kuwonjezera pa kuimba, munthuyo amachita sewero: amayenda, amagwada, amagwa pansi, atavala zovala zolemera, akutchula mawu a Chitaliyana, Chijeremani kapena Chifalansa amene anawaloweza pamtima.

Olemba opera, makamaka a m'zaka za m'ma 1800, anagawa mbali za sewero motsatira mtundu wa mawu. Mtsikana wokondedwa, amene nkhani yonse imazungulira pa iye, kawirikawiri amakhala soprano. Mezzo-soprano amapatsidwa mbali ya mkazi wansanje, mayi wokalamba, wamaula, kapena mnyamata wachichepere, monga Cherubino wa Mozart, mbali imene mkazi amaimba atavala thalauza. Dzina lalikulu pa chikalata cholengeza sewero, ndiponso malipiro okwera, zimakonda kupita kwa soprano. Zimenezi ziyenera kudziwika poyamba, chifukwa zimathandiza kumvetsa zosankha za Grace Bumbry, mmodzi mwa oimba amene ntchito yawo inafika pafupifupi m'nyumba zonse zikuluzikulu za opera, kuyambira 1960 mpaka 2013.

Grace Bumbry anabadwa pa 4 Januwale 1937 mumzinda wa St. Louis, m'chigawo cha Missouri ku America. Bambo ake ankagwira ntchito yonyamula katundu pakampani ya sitima zapamtunda, ndipo mayi ake anali mphunzitsi. Kuimba anakuyambira m'kwaya ya tchalitchi cha Methodist chimene banja lawo linkapempherako. Anaphunzira pa Sumner High School, sukulu ya ana achikuda, pa nthawi imene malamulo ankalekanitsa ana asukulu potengera khungu. Mphunzitsi wake wa nyimbo, Kenneth Billups, ndi amene anamulimbikitsa kulowa mpikisano wa achinyamata pa wailesi ya KMOX mu 1954. Grace, ali ndi zaka 17, anapambana. Mbali ya mphotoyo inali malo aulere pasukulu ya St. Louis Institute of Music, koma sukuluyo inakana kumulowetsa m'kalasi chifukwa anali wakuda. Inati ikhoza kumamuphunzitsa payekha, kutali ndi ophunzira achizungu. Makolo ake anakana, ndipo anachita bwino kukana.

Okonza mpikisanowo anamupezera mwayi wina, wokaimba pa pulogalamu ya pawailesi yakanema ya Arthur Godfrey, imene inkaoneredwa m'dziko lonse. Kumeneko anaimba "O don fatale", nyimbo yovuta ya Eboli yochokera mu opera ya Verdi yotchedwa Don Carlos, ndipo njira ya maphunziro inatseguka. Anayamba ku Boston University, kenako anasamukira ku Northwestern University, kumene anakumana ndi Lotte Lehmann. Mayi ameneyu anali soprano wotchuka wa ku Germany amene anasamukira ku America mu 1938, Anazi atalanda Austria. Lehmann anatengera mtsikanayo ku Music Academy of the West, ku Santa Barbara m'chigawo cha California, ndipo anamusula kwa zaka zoposa zitatu. Chimene Lehmann ankaphunzitsa kwambiri chinali kumasulira nyimbo: kudziwa tanthauzo la liwu lililonse la ndakatulo, malo oyenera kupumira, ndi mmene nkhope ndi manja zingathandizire popanda kukokomeza. Zida zake zophunzitsira zinali nyimbo zazifupi za Chijeremani za Schubert, Schumann ndi Brahms, zoimbidwa ndi munthu mmodzi motsagana ndi piyano. M'nyimbo zoterezi mulibe pobisala. Woimba amene katchulidwe kake n'kaulesi amagwidwa pa mzere woyamba womwe. Chijeremani choyera chimene Bumbry anachipeza pamenepa ndi chimene chinadzamutsegulira khomo la chikondwerero cha opera cha Bayreuth.

Mu 1958 anali mmodzi mwa opambana pa mpikisano wa oimba achinyamata wa Metropolitan Opera, limodzi ndi Martina Arroyo. Ngakhale zinali choncho, ntchito yake ya opera sinayambire kwawo. Marian Anderson, woimba amene Bumbry ankamulemekeza kuyambira ali mwana, anali atangokhala wakuda woyamba kuimba mbali yakeyake ku Metropolitan pa 7 Januwale 1955, ali kale ndi zaka 57. Khomo linali litangotseguka pang'ono. Panalinso vuto lina limene linkakhudza oimba onse a ku America, azungu ndi akuda omwe: dzikolo linali ndi nyumba zochepa za opera zogwira ntchito chaka chonse, pamene ku Germany, Austria ndi Switzerland ngakhale mizinda yaing'ono inali ndi nyumba yakeyake, yothandizidwa ndi ndalama za boma. Achinyamata ambiri ankawoloka nyanja kukafuna ntchito kumeneko. Bumbry anaimba ku London mu 1959, ndipo mu 1960, ali ndi zaka 23, anakwera nsanja ya Paris Opéra monga Amneris mu Aida ya Verdi. Chaka chomwecho analembedwa ntchito ku nyumba ya opera ya Basel.

Ntchito ya ku Basel siitchulidwa kawirikawiri, koma ndi imene inamanga maziko. M'nyumba za mayiko olankhula Chijeremani woimba amalembedwa ngati wantchito wokhazikika, amalandira malipiro a pamwezi, ndipo amaimba mbali iliyonse yogwirizana ndi mawu ake imene akuluakulu amupatsa. Sabata ino ali Carmen, sabata yamawa ali mu opera ya Verdi, m'mawa akuyeserera sewero lina, madzulo akuimba lina. Mwa njira imeneyi munthu amaphunzira kugawa mphamvu kuti zikwanire maola atatu, kuyang'ana wotsogolera nyimbo ndi diso la m'mbali uku akuchita sewero, ndi kuimba bwino pa tsiku limene thupi silikumva bwino. Zolakwa zake zimaoneka pamaso pa anthu a m'tauni imodzi, atolankhani a dziko lonse asanayambe kumulondalonda.

Kwa Bumbry nthawi yobisika imeneyi inali yaifupi. Wieland Wagner, mdzukulu wa wolemba opera Richard Wagner, anamusankha kuti aimbe Venus, mulungu wamkazi wa chikondi, mu Tannhäuser pa chikondwerero cha Bayreuth cha 1961. Kulemera kwa chisankhochi kumamveka munthu akadziwa mbiri ya malowo. Nyumba ya Bayreuth inatsegulidwa mu 1876 kuti muzionetsedwa ntchito za Wagner yekha. M'zaka za m'ma 1930 Adolf Hitler anali mlendo wa chaka ndi chaka kumeneko, ndipo Winifred Wagner, mayi ake a Wieland, anali bwenzi lake lapamtima. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, chikondwererocho chinayambiranso mu 1951 m'manja mwa Wieland ndi mng'ono wake Wolfgang, amene ankafuna kuchotsa fungo la zakale. Wakuda anali asanaimbepo pansanja imeneyo. Nkhani itamveka yoti mulungu wamkazi wa chikondi adzakhala mtsikana wakuda wa ku Missouri, makalata otsutsa anafika ambirimbiri. Wieland sanasunthike. Yankho lake linali lakuti agogo ake ankalemba nyimbo poganizira maonekedwe a mawu, osati a khungu.

Mu Julayi 1961 chinsalu chinatseguka. Wotsogolera nyimbo anali Wolfgang Sawallisch, Tannhäuser anali Wolfgang Windgassen, Elisabeth anali Victoria de los Ángeles, ndipo Wolfram anali Dietrich Fischer-Dieskau. Onsewa anali akatswiri odziwika kale, pamene Bumbry anali ndi zaka 24 zokha. Mbali ya Venus si yaitali, koma ndi yofuna zambiri. Kumayambiriro kwa sewero, Tannhäuser wakhuta zokoma za m'phiri la Venus ndipo akupempha kuti abwerere kudziko la anthu. Venus amayamba ndi kumunyengerera ndi mawu ofewa, otsika, kenako pozindikira kuti mwamunayo akupitadi, amakwiya ndi kumutemberera, mawu atakwera pamwamba pa zida zonse. Woimba mmodzi ayenera kukhala ndi kufewa konseko ndi ukali wonsewo mkati mwa mphindi zochepa. Sewero litatha, anthu anaomba m'manja kwa mphindi 30, ndipo oimba anaitanidwa kutsogolo kwa chinsalu maulendo 42. Manyuzipepala anamutcha "Venus wakuda", dzina limene linamutsatira moyo wake wonse. Linali lomutamanda, komabe linkaika khungu patsogolo pa luso, chinthu chomwecho chimene Wieland anachikana. Panapita zaka 17 kuti mwamuna wakuda, Simon Estes, aimbe mbali yaikulu ku Bayreuth, mu 1978.

Pambuyo pa usiku umenewo, dziko limene linamutsekera kalasi linayamba kumuitana. Sol Hurok, mmodzi mwa mamanijala akuluakulu a oimba ku America, anasaina naye mgwirizano wa zaka zisanu wa madola 250,000. Mu Febuluwale 1962 anaimba ku White House ataitanidwa ndi Jacqueline Kennedy, ndipo chakumapeto kwa chaka chomwecho anaimba ku Carnegie Hall. Royal Opera House ya ku London inamulandira mu 1963, La Scala ya ku Milan ndi chikondwerero cha Salzburg mu 1964, ndipo Metropolitan Opera mu Okutobala 1965. Ku London ndi ku New York anayamba ndi Eboli, mbali ija imene nyimbo yake anaiimba pa wailesi yakanema ali mtsikana.

Mbali zitatu ndi zimene zinanyamula dzina lake m'zaka zimenezi, ndipo ziwiri mwa izo n'za Verdi. Eboli ndi mkazi wa m'nyumba ya mfumu Philip ya ku Spain. Poyamba amaimba nyimbo yopepuka, yodzaza ndi tizokongoletsa tofuna kholingo lofewa. Pambuyo pake, nsanje itamuchititsa kunamizira mfumukazi, amaulula tchimo lake ndi kutemberera kukongola kwake mu "O don fatale", nyimbo yoyamba mwaukali, yodzatsika m'kulira kwachete, n'kumalizira pamwamba penipeni pamene soprano amafika. Oimba ambiri amakwanitsa bwino nyimbo imodzi mwa ziwirizi, inayo n'kungoidutsa. Bumbry ankazikwanitsa zonse, ndipo umboni uli pa chimbale cha Don Carlo cha 1965 chimene anatsogolera Georg Solti.

Amneris ndi mwana wamkazi wa Farao, amene amakonda Radamès, mkulu wa asilikali, pamene Radamès amakonda Aida, kapolo wochokera ku Ethiopia. M'gawo lomaliza, ansembe akuzenga mlandu Radamès m'chipinda chapansi, kumene oonera sakuona. Amneris ali yekha pansanja, akumvetsera. Katatu wansembe wamkulu akutchula dzina la Radamès ndi mlandu wake, katatu Radamès akukhala chete, ndipo nthawi iliyonse Amneris, amene nsanje yake ndi imene yafikitsa zinthu pamenepa, akuchonderera milungu kuti imupulumutse. Chigamulo chikaperekedwa choti amukwirire wamoyo, iye amatembenukira ansembewo ndi kuwatemberera. Pa mphindi zimenezi sewero lonse lili m'manja mwa mezzo-soprano, ndipo ngati ali waluso, anthu amatuluka m'nyumbamo akukamba za iye kuposa za Aida. Bumbry anajambula mbaliyi ndi Birgit Nilsson ndi Franco Corelli motsogoleredwa ndi Zubin Mehta, ndiponso ndi Leontyne Price ndi Plácido Domingo.

Yachitatu ndi Carmen ya Bizet, imodzi mwa ma opera ochepa otchuka amene mezzo-soprano ndiye mwini nkhani. Herbert von Karajan anamusankha kuti aiimbe ku Salzburg mu 1966, ndipo chaka chotsatira seweroli linajambulidwa kukhala filimu, Jon Vickers ali Don José ndipo Mirella Freni ali Micaëla. Filimuyi inafikitsa nkhope ndi mawu ake kwa anthu amene sanalowepo m'nyumba ya opera.

Moyo wa woimba wa msinkhu umenewu suli wofewa monga umaonekera pa zithunzi. Akasiya ntchito yokhazikika amakhala mlendo paliponse. Nyumba zikuluzikulu zimasainitsa oimba zaka zitatu, zinayi ngakhale zisanu tsikulo lisanafike, motero munthu amalonjeza mawu amene sakudziwa kuti adzakhala otani nthawiyo ikadzakwana. Sewero latsopano limafuna milungu ingapo yoyeserera, kenako limaonetsedwa masiku angapo, n'kumapuma masiku awiri kapena atatu pakati kuti kholingo libwerere m'malo. Malipiro amawerengedwa pa usiku umene waimba, ndipo chimfine chikamugwira n'kulephera kukwera nsanja, ndalama ya usikuwo yapita. Mpweya wouma wa m'ndege, kusintha kwa nyengo ndi fumbi la pansanja zonse ndi adani a mawu. Chida chake sichisungidwa m'bokosi, chili m'thupi momwemo, ndipo chimatopa ndi kukalamba limodzi ndi mwini wake. Bumbry anakhazikika ku Ulaya, nakhala zaka zambiri ku Switzerland ndipo pambuyo pake ku Austria.

Cha m'ma 1970 anachita chinthu chimene chinagawanitsa omutsatira: anayamba kuimba mbali za soprano. Chaka cha 1970 anaimba Salome ya Richard Strauss ku London, nkhani ya mwana wa Herodiya amene anavina pamaso pa Herode n'kupempha mutu wa Yohane Mbatizi. Mu 1971 anaimba Tosca ya Puccini ku Metropolitan. Kenako kunabwera Abigaille mu Nabucco, mbali yodziwika kuti imawononga mawu, ndi Norma ya Bellini, imene anaiyamba ku Martina Franca mu 1977. Mu 1978 ku London anaimba Adalgisa, mbali imene kawirikawiri amaimba mezzo-soprano, pambali pa Montserrat Caballé, kenako m'nyengo yomweyo n'kutenga mbali ya Norma mwiniyo. Shirley Verrett, mnzake wa m'badwo umodzi amene atolankhani ankakonda kumupikisanitsa naye, anayendanso njira yofanana. Awiriwa anaimbira limodzi ku Carnegie Hall mu 1982 polemekeza Marian Anderson.

Chifukwa cha kusinthaku n'chomveka. Mawu ake ankakwera mosavuta kuyambira pachiyambi, ndipo mkazi waluso la sewero ngati iye sakanakhutira ndi kukhala wachiwiri m'nkhani zambiri. Koma kufika pa liwu lokwera kamodzi kapena kawiri pa usiku n'kosiyana ndi kukhala kumwambako kwa maola awiri. Mezzo-soprano amakwera n'kubwerera pakati, pamene mawu ake amapumira. Soprano amakhala pamwamba nthawi yaitali. Ena mwa openda nyimbo ankaona kuti mawu ake apakati, amene anali chuma chake chenicheni, anachepa kulemera, pamene ena ankayamikira moto umene ankaubweretsa mu Tosca ndi Salome. Kunena mwachilungamo, monga soprano anali mmodzi mwa abwino angapo, koma monga Eboli, Amneris ndi Venus ofanana naye anali owerengeka. Chimene sichingatsutsidwe n'chakuti kusinthako sikunamuphe mawu monga ena ankaopera, chifukwa anaimbabe zaka zoposa 25 pambuyo pake, ndipo mbali za mezzo-soprano sanazitaye.

Mu 1985 Metropolitan Opera inaonetsa koyamba Porgy and Bess ya George Gershwin, patatha zaka 50 chilembedwere. Bumbry anali Bess, Simon Estes anali Porgy, ndipo James Levine anatsogolera. Kwa zaka zambiri oimba akuda ankaopa kuti akangodziwika ndi opera imeneyi sadzapatsidwanso ina. Iye anaifikira atagonjetsa kale Verdi, Wagner ndi Strauss, pamene palibe akanamutsekeranso m'khola limodzi. Mu 1990, pa opera yoyamba kuonetsedwa m'nyumba yatsopano ya Opéra Bastille ku Paris, anaimba Cassandre mu Les Troyens ya Berlioz, Verrett ali Didon. M'zaka zomwezo anayambitsa gulu la Grace Bumbry Black Musical Heritage Ensemble, loimba nyimbo zauzimu zimene akapolo achikuda a ku America anasiya, ndipo anayamba kuthera nthawi yambiri akuphunzitsa achinyamata ndi kuweruza mipikisano.

Anatsanzika nsanja ya opera mu 1997 ku Lyon monga Klytämnestra mu Elektra ya Strauss, ngakhale anapitiriza kuimba motsagana ndi piyano. Mu 2009 dziko lake linamupatsa ulemu wa Kennedy Center Honors, pa nthawi ya Pulezidenti Barack Obama. Ukalamba utafika, ubwino wina wa mawu apakati unaonekera. Soprano akakalamba mbali zake zambiri zimatha, poti ndi za atsikana, koma olemba opera anasiyira mawu otsika mbali za amayi ndi agogo. Mu 2010 Bumbry anabwerera pansanja ku Théâtre du Châtelet ku Paris monga Monisha mu Treemonisha ya Scott Joplin. Mu 2013, ali ndi zaka 76, anaimba ku Vienna State Opera monga gogo wolemera wa mu opera ya Tchaikovsky yotchedwa Pique Dame. Mbaliyi sifuna kufuula. Gogoyo wabwera kuchokera kuphwando usiku, wathamangitsa antchito ake, wakhala pampando, ndipo akukumbukira masiku a utsikana wake ku Paris n'kumang'ung'udza nyimbo yakale ya Chifalansa motsitsa kwambiri, tulo tikumutenga. Kenako Hermann, amene anabisala m'chipindamo, akutulukira kudzamukakamiza kuti aulule chinsinsi cha makadi atatu, ndipo gogoyo akufa ndi mantha. Kuti nyumba yonse imve mawu otsika chotero, pamafunika mpweya woyendetsedwa bwino ndi katchulidwe koyera, zinthu zimene woimba amazisunga ngakhale mphamvu za unyamata zitatha.

Mu Okutobala 2022 anadwala sitiroko ali m'ndege yochokera ku Vienna kupita ku New York. Anabwerera ku Vienna, ndipo anamwalirira kumeneko pa 7 Meyi 2023 ali ndi zaka 86.